Boti Pakhomo pa a Mikaele

A Mikaele Nampuluma a m'mudzi wa Namatete, m'dera la Nchema, anazula chida choyezera mvula pakati pa munda pamene akatswiri anachizika, n'kukachiimika kunsi kwa malata a nyumba yawo. Mlandu wawo ndi wokhawo. Sanabe, sanamenye munthu, sanatukwane. Anangosuntha kachitsulo mapazi makumi anayi. Koma mapazi makumi anayiwo anamanitsa mabanja makumi asanu ndi awiri mbewu ya chaka chathunthu. Choncho n'koyenera kuti nkhaniyi ilongosoledwe mwadongosolo, kuyambira pamene inayambira.

Kwa zaka zitatu zotsatizana mvula ku Namatete inkadula mu Febuluwale, chimanga chitangomasula. Anthu ankakolola zitsononkho zokhala ngati zala za mwana. Chaka chachinayi, mvula isanayambe, kunafika mayi wachitsikana dzina lake Shamsa, katswiri wa zanyengo wochokera ku ofesi ina ya mumzinda. Anabwera ndi chitsulo chokhala ngati mtondo waung'ono, chokhala ndi fanulo pamwamba ndi botolo la mizeremizere m'kati. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la sukulu, napereka moni wokwanira, nayamba.

"Makolo anga, boma likulemba ndondomeko ya momwe dziko lingapiririre kusintha kwa nyengo. Koma boma lilibe maso m'munda uliwonse. Maso ake ndi zitsulo izi. Manambala amene muzititumizira tidzawaphatikiza ndi a madera ena n'kujambula mapu. Kumene mapu adzaonetse kuuma kudzapita mbewu yocha msanga. Kumene adzaonetse madzi osefukira kudzapita zida zopulumutsira anthu. Ndikufuna munthu mmodzi wosamala chidachi."

Malamulo ake anali atatu okha. Chida chikhale poyera, kutali ndi mtengo kapena denga. Chiwerengedwe 8 koloko m'mawa uliwonse. Madzi atayidwe, nambala ilembedwe m'kope n'kutumizidwa pa foni.

Che Asumani, wapampando wa komiti ya chitukuko cha mudziwo, anatchula dzina la mayi Yamiko, mayi wamasiye amene dzuwa silinamupezepo m'nyumba. Anthu anayamba kuwomba m'manja. Pamenepo a Mikaele anaimirira, nakonza kolala, natsokomola kawiri.

"Pepani, a wapampando. Kope la boma si dengu la tomato. Ine ndakhala katekisiti zaka makumi atatu. Ndalemba mayina a ubatizo zikwi ziwiri osafufuta ngakhale chilembo chimodzi. Kodi lero mvula ingandikanike?"

Panalibe wofuna kutsutsana ndi imvi pagulu. Mayi Yamiko anangoti, "Alembe abambowa, ine dzanja langa ndi la khasu." Chida chinazikidwa pakati pa munda wa a Mikaele, ndipo kope linalowa m'thumba la jekete yawo. Madzulo ake anauza aliyense wodutsa pamsewu kuti tsopano mvula ya Namatete ili m'manja mwawo.

Tsono a Mikaele anali ndi nsapato. Zinali zachikopa, zakuda, mphatso yochokera kwa wansembe wina pa tsiku limene anapuma ntchito. Ankazipaka polishi m'mawa uliwonse mpaka nkhuku zinkajompha chithunzithunzi chawo m'menemo. Kwa iwo, mwamuna wogwira ntchito ya boma atavala nkhwaira kapena ali chosavala kumapazi anali wonyoza boma lenilenilo.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. M'mawa mwake a Mikaele anavala jekete, tayi ndi nsapato, nalowa m'munda. Dothi la ku Namatete ndi katondo, ndipo katondo akanyowa sasiyanitsa katekisiti ndi mbuzi. Pofika pachidacho phazi lililonse linali litasenza njerwa. Pobwerera nsapato ya kumanzere inatsalira m'matope, mwiniwake n'kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, akuitana akazi awo kuti abwere ndi ndodo.

Tsiku lomwelo masana anatenga khasu, nazula chidacho, nakachiimika pafupi ndi zenera la kuchipinda, penipeni pamene malata awiri amakumana n'kutsanulira madzi pansi.

Akazi awo, mayi Anjelina, anaima pakhomo la khitchini akupukuta manja.

"Bambo a Tawina, mwana uja sananene kuti kutali ndi denga?"

"Ananena za madenga a udzu. Ili ndi la malata."

"Koma pamenepo ndi pamene ine ndimatchera ndowa. Amenewo ndi madzi a padenga."

"Mayi, ndifunseko. Madzi a padenga amachokera kuti? Pachitsime?"

"Kumwamba."

"Ndiye si mvula? Pita ukaone mphika. Za sayansi uzisiyire amene anapita kusukulu."

Kuyambira tsikulo a Mikaele ankawerenga mvula ali pazenera, tiyi ali m'manja, nsapato zili phee pamkeka. Tsiku limene wolemba mvula wa mudzi woyandikana nawo wa Ndunde anatumiza mamilimita khumi ndi awiri, a Mikaele anatumiza mazana awiri ndi makumi anayi. Botolo likasefukira ankatchera ndowa ya akazi awo pambali, n'kumayeza madziwo botolo ndi botolo, chifukwa, monga ankanenera, munthu woona mtima sataya dontho la boma.

Sabata yachitatu foni inalira. Anali Shamsa.

"Bambo Nampuluma, manambala anu akutidabwitsa. Kodi chida chija chili..."

"Mwana wanga, ima kaye. Kwanu amayamba ndi funso? Kuno timayamba ndi moni."

"Pepani, bambo. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, koma bondo. Sunafunse za amayi ako."

"Amayi adzuka bwanji?"

"Adzuka, koma msana. Nanga ana?"

Shamsa anafunsa za ana. A Mikaele anafotokoza za mwana wawo Tawina wa ku Limbe, za mwamuna wake wosapemphera, za mbuzi imene inabereka mapasa ndi za mphaka amene anasowa pa Pasaka. Asanafike pa nkhuku mayunitsi a mtsikanayo anatha. Ataimbanso tsiku lina, anapereka moni wonse mwamsangamsanga, nafika pa funso lake. A Mikaele anayankha ndi mawu a paguwa.

"Ine ndinasunga buku la anthu opita kumwamba. Iwe ukundikayikira pa buku la madzi?"

Shamsa analeredwa bwino, ndipo kuleredwa bwinoko kunamumanga lilime. Anapepesa. Komabe pansi pa manambala a Namatete analemba ndi inki yofiira kuti ndi okayikitsa, asagwiritsidwe ntchito mpaka wina atakaona. Anapempha galimoto. Galimoto inali ndi maulendo ena.

Dzinja limenelo mvula inadulanso mu Febuluwale. Chimanga chinapota masamba ngati fodya. Mayi Anjelina anasuzumira m'nkhokwe, nasuzumira m'kope la amuna awo, napukusa mutu.

"M'kope mwanu muli nyanja, m'nkhokwe muli makoswe akulira njala. Chimodzi mwa ziwirizi chikunama."

"Nkhokwe sinaphunzire," anatero a Mikaele. Koma usana umenewo anavindikira chida chija ndi beseni pamene mayi Yamiko ankadutsa, ndipo kwa alendo onse anayamba kuyala mkeka kuseri kwa nyumba, mbali yopanda zenera. Munthu amene sakudziwa kuti walakwa savindikira kanthu.

Manambala anayenda ulendo wawo. Anachoka m'kope kulowa mu foni, mu foni kulowa mu kompyuta, mu kompyuta kutuluka pamapu. Boma lonse la Chiradzulu linaoneka lachikasu, kusonyeza mvula yochepa ndi yodukiza, koma pakati pa chikasucho panali kadontho kobiriwira ngati diso la nyanja. Lipoti la akatswiri linali la masamba mazana awiri, ndipo chenjezo la inki yofiira linali pa tsamba la 163. Akuluakulu analibe nthawi, choncho wina analifupikitsa kukhala masamba makumi awiri. Akuluakulu a akuluakuluwo analibiretu nthawi, choncho wina analifupikitsanso kukhala tsamba limodzi ndi mapu. Inki yofiira inatsala m'njira monga inatsalira nsapato ya kumanzere. Kadontho kanafika.

Ndondomeko ya dziko itatuluka, a Mikaele anaitanidwa kumsonkhano kuboma. Bwana wina wovala suti anawagwira chanza pamaso pa anthu, nawatcha chitsanzo cha mzika yothandiza sayansi, nawapatsa satifiketi. Iwo anawerama moyenera. Pobwerera anauza Che Asumani kuti mudzi ukonzeke, pakuti boma lamva kulira kwa Namatete ndipo likubwera ndi katundu wapadera.

Mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, kunamveka kuti ku Ndunde ndi kwa Kadewere anthu alandira mbewu ya chimanga chocha m'miyezi itatu, chimene chimakhwima mvula ya Febuluwale isanathawe. Anthu a ku Namatete anasesa bwalo la sukulu, nakonza matumba. Lachinayi lole inamveka ikubuula pamtunda. Inaima kawiri kuti injini izizire. Itafika pabwalo, ana amene anaithamangira anangoima duu. Pamwamba pake panali boti.

Linali boti loyera, lalitali mikono isanu ndi umodzi, lokhala ndi nkhafi zinayi. Pansi pake panali majekete oyandamitsa munthu pamadzi okwana zana limodzi, mawenzulo khumi, chingwe chachitali ndi matumba a mbewu ya mpunga.

Kutsogolo kwa lole kunatsika anthu awiri. Mmodzi anali Bernard, wophunzitsa za kupulumuka pa ngozi za madzi, mwamuna wakhama amene ankakhulupirira pepala kuposa maso ake. Wina anali Shamsa, amene anapempha malo m'lolemo kuti adzadzionere yekha nyanja ya ku Namatete.

Bernard anawerenga pepala lake mokweza. "Malinga ndi ndondomeko ya dziko, mudzi uno uli pachiopsezo chachikulu cha madzi osefukira. Choncho mwapatsidwa zida izi pamodzi ndi mbewu yoyenera malo a chithaphwi."

Mayi Yamiko anatsegula thumba limodzi, natapa mbewuyo, naiyang'anitsitsa.

"Achimwene, uwu ndi mpunga."

"Inde, mayi. Wabwino kwambiri m'madambo."

"Dambo lake liti? Ife madzi akumwa timakatunga kutsidya kwa phiri. Inuyo lole yanu yakomoka kawiri pokwera kuno. Madzi osefukirawo adzakwera pa chiyani, pa kabaza?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Bernard anayang'ana fumbi, nayang'ana pepala, nasankha pepala.

"Mayi, kusintha kwa nyengo n'kodabwitsa. Tiyeni tiyeserere. Ndani amene amadziwa bwino mvula ya kuno? Ameneyo ndiye akhale woyendetsa boti."

Maso onse anatembenukira kwa a Mikaele. Kukana sakanatha, pakuti satifiketi inali ikusuzumira m'thumba la jekete. Anawaveka jekete yoyandamitsa pamwamba pa jekete ya nsalu, nawapachika wenzulo m'khosi, nawakhazika m'boti pakati pa bwalo louma gwaa. Amuna anayi anapatsidwa nkhafi nauzidwa kupalasa. Anapalasa fumbi. Amayi okalamba anauzidwa kugona pansi n'kumakuwa ngati akumira, ndipo anakuwa ndi mtima wonse, chifukwa anali ndi zokuwira zenizeni. Che Asumani anaponyeredwa chingwe kuti akokedwe kuchoka m'madzi, koma iwo anangoima atagwira nsonga yake, akusisita ndevu.

"A Mikaele, mnzanga," anatero, "ndiuzeni ndikafika pamtunda, kuti ndileke kuchita mantha."

"Imbani wenzulo, akapitawo!" anafuula Bernard.

A Mikaele anaimba. Mbuzi ziwiri zinathawa.

Shamsa sanaseke nawo. Anayandikira boti, nagwada pang'ono monga mwana wa anthu, napereka moni. Anafunsa za bondo, za msana wa amayi, za Tawina, za mwamuna wa Tawina, za mapasa a mbuzi ndi za mphaka, osasiya kanthu. Atamaliza anati, "Tsopano, bambo, mayunitsi sangathe. Ndikupempha mundionetse chida chija."

"Kwatentha, mwana wanga. Mawa."

"Lole ikubwerera lero, bambo."

Gulu lonse linatsatira, ena atavalabe majekete ofiira. Shamsa analunjika pakati pa munda pamene anazika chida ndi manja ake. Anapezapo dzenje ndi tsinde la dzungu louma. Anatembenukira gulu lija. Amene analozera anali mayi Anjelina, ndi mlomo.

Chida chinali pamalo ake atsopano, chovindikiridwa ndi beseni. Shamsa anachotsa beseni, nayang'ana kumwamba pamene malata amakumana, natseka maso kanthawi.

"Ndi mvula yomweyo," anatero a Mikaele. "Yochokera kumwamba komweko. Ine sindinathiremo madzi a pachitsime. Atsutse amene angatsutse."

Mayi Anjelina analowa m'khitchini. Anatuluka ndi ndowa ya madzi imene anaisenza m'mawa kuchokera kutsidya kwa phiri. Anakwera pa mtondo, nakhuthulira ndowa yonse padenga. Madzi anathamanga m'mizere ya malata, nakumana pangodya, natsikira mu fanulo ndi mkokomo. Botolo linadzaza mpaka pakamwa. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo kokwana chikhatho.

"Lembani, bambo a Tawina," anatero mayiwo akutsika. "Lero kwagwa chimvula. Fulumirani, boti lili pafupi."

Palibe anaseka tsopano. Mayi Yamiko anafunsa funso limene linali pamtima pa aliyense.

"Mwana wanga, nanga chimanga chathu chija?"

Shamsa anayankha moona, ndipo choonacho chinali chowawa. Mbewu yocha msanga inagawidwa kale monga mwa mapu, ndipo m'nkhokwe za boma munalibe yotsala. Iye akalemba lipoti lokonza cholakwacho kusanade, koma kuti kadontho kobiriwira kafufutike pamapu panafunika manambala oona a dzinja lathunthu. Chaka chimenecho Namatete adzadzalanso chimanga chakale chochedwa kucha, n'kumayang'ana kumwamba mu Febuluwale. Anawonjeza kuti nayenso ali ndi gawo lake: akanayenera kufunsa kachitatu, ngakhale akanatchedwa wamwano.

Bernard anafunsidwa ngati boti lingabwerere pa lole kukasinthanitsidwa ndi mbewu. Anafufuza m'mapepala ake onse. Anapeza fomu yoperekera boti. Fomu yolandirira boti munalibe.

A Mikaele anaima pakhonde pawo, wenzulo ali m'khosi, akuyang'ana pansi. Chimene ankaona pansipo chinali nsapato ziwiri zonyezimira, zopanda kachitsotso, ndipo m'menemo munkaoneka nkhope za anthu makumi ambiri zikuwayang'ana. Anatsegula pakamwa kuti anene za ulemu woyenera akulu, koma anapeza kuti mawu amenewo anawatha kale pa foni.

Komiti inakhala pansi Loweruka m'kalasi ya Sitandade 4. A Mikaele anapatsidwa mpando, pakuti wolakwa wa imvi amaweruzidwa atakhala. Anavomera mlandu wonse, napempha kuti m'kaundula mulembedwe kuti kalembedwe kawo m'kope kanali kaukhondo. Komiti inavomera kuti kanalidi kaukhondo. Kenako Che Asumani anawerenga chigamulo, ndipo chinali chotere.

Chida chibwerere pakati pa munda tsiku lomwelo, ndipo achizike ndi a Mikaele eni ake. Kope ndi foni zipite kwa mayi Yamiko. Satifiketi ibwezedwe kumene inachokera pamodzi ndi kalata yofotokoza zonse, yolembedwa ndi dzanja laukhondo lija, ndipo kalatayo iwerengedwe poyera Lachisanu anthu akatuluka ku mzikiti ndi Lamulungu akatuluka ku Misa. Mbewu yocha msanga imene Tawina anatumizira makolo ake kuchokera ku Limbe igawidwe pakati: theka litsale kwa mayi Anjelina, amene anachenjeza, theka lipite kwa amayi amasiye. Boti, pokhala katundu wa boma, likhale pakhomo pa a Mikaele, ndipo azilitsuka Loweruka lililonse ndi madzi otunga okha kutsidya kwa phiri. Pomaliza, kwa madzinja atatu, m'mawa uliwonse 8 koloko, a Mikaele azipita kuchida, kutulutsa botolo, kuligwirizira mayi Yamiko kuti awerenge, n'kutaya madzi.

Wina anapereka ganizo lakuti azipita osavala nsapato. Che Asumani anakana.

"Ayi. Munthu wamkulu salandidwa ulemu wake. Ntchito ya boma ndi ya nsapato, anatiphunzitsa okha. Azivala zomwezo."

Chilangocho chinayamba ndi mvula yoyamba ya Novembala, ndipo chikutsatidwa mpaka lero. M'boti muja nkhuku za mayi Anjelina zimaikiramo mazira. Nsapato zija zinasanduka zofiira ngati katondo, ndipo ya kumanzere inayasama kutsogolo. A Mikaele anaimirira pagulu kupempha kuti mvula ya mudzi ikhale m'manja mwawo, koma anakana kuti iwakhudze kumapazi. Anaiwala chimene akulu ananena kale: walira mvula, walira matope.